Guernica: Mkuwo Umene Picasso Anaupachika Pakhoma

Lachitatu lina m'mawa ndinabwereka tepi kwa kalipentala amene ankakonza zitseko pasukulu pathu, ndinatenga choko, ndi kuuza ana a m'kalasi mwanga kuti tituluke. Tinazungulira kuseri kwa buloko, kumene kuli khoma lalitali lopanda zenera. Atsikana awiri anagwira tepi, wina uku wina uko, mpaka tinapeza mamita 7 ndi masentimita 76, ndipo tinalemba mzere. Chokwera m'mwamba tinkafuna mamita 3 ndi masentimita 49. Mnyamata wamtali kuposa onse anakwera pa desiki, natambasula dzanja, kenaka anacheuka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, chapitirira denga."

Ndinkafuna kuti anawo amve m'thupi mwawo kukula kwa chithunzi chimene dzulo lake ndinawaonetsa m'buku chili chaching'ono ngati chikhatho. Chithunzicho ndi Guernica, chimene Pablo Picasso, mmisiri wa ku Spain, anajambula ndi penti mu 1937. Atachiona m'bukumo anaseka. Wina anafunsa ngati anajambula ndi mwana wa ku sukulu ya mkaka. Wina anati ng'ombeyo maso onse ali mbali imodzi, ndipo munthu wagona pansiyo mutu uli kwina, mkono kwina. Sindinawadzudzule, pakuti zimene anaonazo zilimodi. Chimene ndinafuna kuti amvetse n'chakuti kupindika ndi kudukaduka kumeneko ndiwo uthenga wa chithunzicho. Picasso ali ndi zaka 15 ankatha kale kujambula munthu wofanana ndendende ndi mwini wake. Pa Guernica anaswa matupi mwadala, chifukwa nkhani imene anafuna kunena inali ya anthu oswedwa.

Lolemba la msika

Guernica, kapena Gernika m'chinenero cha eni nthaka, ndi tauni yaing'ono ya anthu a mtundu wa Basque, kumpoto kwa Spain, kum'mawa kwa mzinda wa Bilbao. Kwa anthu amenewa ndi malo olemekezeka kwambiri. Pali mtengo umene patsinde pake akuluakulu awo ankasonkhana kukamba za dziko, monga momwe bwalo la mfumu limakhalira pansi pa kachere, ndipo mafumu akale ankabwera pomwepo kudzalumbira kuti adzasunga malamulo a anthuwo.

Mu Julaye 1936 akuluakulu ena a asilikali anaukira boma losankhidwa ndi anthu, ndipo nkhondo yapachiweniweni inabuka m'dziko la Spain. Oukirawo anadzakhala pansi pa mkulu wa asilikali Francisco Franco, amene Hitler wa ku Germany ndi Mussolini wa ku Italy anamuthandiza ndi ndege, zida ndi asilikali. Pofika Epulo 1937 nkhondo inali ikuyandikira Bilbao, ndipo mu Guernica munali mutadzaza anthu othawa kumidzi imene inali italandidwa kale.

Pa 26 Epulo linali Lolemba, tsiku la msika. Cha m'ma hafu pasiti folo madzulo belu la tchalitchi linalira kuchenjeza anthu. Ndege za gulu la ku Germany lotchedwa Condor Legion, pamodzi ndi zina za ku Italy, zinabwera m'magulumagulu kwa maola pafupifupi atatu. Zinaponya mabomba olemera oswa madenga, ndi mabomba ang'onoang'ono oyatsa moto. Amene anathawira m'misewu ndi m'minda anatsatidwa ndi ndege zing'onozing'ono zouluka m'munsi, zikuwawombera ndi mfuti. Mlatho umene pambuyo pake ena ankati ndiwo ankafuna kugwetsa unatsala chilili. Fakitale ya mfuti ya m'mbali mwa tauniyo sinakhudzidwe. Mtengo uja unapulumukanso. Zimene zinapsa ndi nyumba za anthu, ndipo pakati pa tauni panasanduka phulusa.

Boma la anthu a Basque linalengeza kuti anafa anthu 1,654. Ofufuza mbiri ambiri a pambuyo pake amatchula chiwerengero chocheperapo, cha mazana angapo. Kuwerenga mitembo kunavuta chifukwa patangopita masiku atatu asilikali a Franco analowa m'tauniyo, ndipo mbali yawo inafalitsa bodza lakuti eni ake ndiwo anatentha Guernica pothawa. Koma mtolankhani George Steer anali atafika usiku womwewo moto ukadali lawilawi, analankhula ndi opulumuka, naona zidutswa za mabomba zokhala ndi chizindikiro cha Germany. Nkhani yake inatuluka pa 28 Epulo mu The Times ya ku London ndi The New York Times, ndipo dziko linadziwa.

Masabata asanu m'chipinda cha ku Paris

Picasso anabadwira ku Málaga mu 1881, koma nthawi imeneyi ankakhala ku Paris. Mu Januwale 1937 boma la Spain linamupempha kuti ajambule chithunzi chachikulu chokaika m'nyumba ya dzikolo pa chionetsero cha maiko onse chimene chinkachitika ku Paris chaka chomwecho. Anavomera, koma miyezi inadutsa asanapeze chimene mtima wake unkafuna kunena. Ataona nkhani ndi zithunzi za Guernica m'nyuzipepala, pa 1 Meyi anatenga pensulo n'kuyamba. Pofika kumayambiriro kwa Juni ntchito inali itatha.

Chinsalu chinali chachitali moti m'chipinda chake chogwiriramo ntchito, pa msewu wa Grands-Augustins, anachita kuchipendeketsa kuti chikwane. Pofuna kufika m'mwamba ankakwera makwerero kapena kumangirira burashi kundodo. Dora Maar, mayi wodziwa kujambula ndi kamera amene anali bwenzi lake, ankajambula chinsalucho ntchito ili m'kati, ndipo chifukwa cha iye timadziwa zimene Picasso anayamba waikamo n'kuzichotsa. Poyamba msilikali wagona pansi uja anali atakweza chibakera m'mwamba, kutsogolo kwa dzuwa, ngati wolonjeza kubwezera. Picasso anachifafaniza chibakeracho. Anayesanso kumata mapepala amitundu pa zovala za amayi, ndi kadontho kofiira ka msozi, koma zonsezo anazimatula. Chilichonse chimene chikanatonthoza woona, kapena kumupatsa poyamikira kukongola, anachichotsa.

Tiyende m'chithunzimo

Yambirani kumanzere. Mayi wagwada pansi, mwana wakufa ali m'manja. Mutu wa mwanayo walendewera chagada, m'maso muli mbee. Mayiyo wagadamitsa khosi mpaka nkhope yapenya kumwamba, kukamwa kuli yasa, lilime lasongoka ngati mpeni. Pamwamba pake paima nkhunzi ya ng'ombe, imene thupi lake silinavulale, ikuyang'ana ngati yosadziwa chochita kapena yosasamala.

Tsikani pansi. Pali msilikali wodukaduka, mutu uli chagada, maso ali tong'o. Dzanja limodzi latambasuka, chikhatho chili ndi mizere yakuya ngati cha mlimi. Mkono winawo waduka, koma ukugwirabe lupanga lothyoka, ndipo pafupi ndi lupangalo pamera kaduwa kakang'ono, kojambulidwa mopepuka moti ambiri sakaona msanga.

Pakati pali hatchi. Mkondo waibaya, m'nthiti muli bala lalikulu, mwendo wina wagwada, khosi lapotokera m'mbuyo ndipo ikulira mano onse ali pamtunda. Thupi lake ladzaza timizere tifupitifupi tondandalikana ngati zilembo za m'nyuzipepala, momwemo mmene Picasso mwini anamvera za tsokalo. Pakati pa hatchi ndi ng'ombe, mumdima, pa tebulo pali mbalame imene nayonso yakweza mlomo kumwamba.

Pamwamba pa hatchi pali babu la magetsi lili m'kati mwa chinthu chooneka ngati diso, ndipo kuwala kwake kwatuluka ngati mano a sowo. M'Chisipanishi babu amati bombilla, mawu oyandikana ndi bomba, ndipo ambiri amaona kuti kuwala kumeneku ndi kuphulika. Pambali pake mayi wasuzumira pazenera, mutu wake walowa ngati utsi wouluzika ndi mphepo, mkono watambasuka kutali utanyamula nyali ya mafuta. Nyali ziwirizi zayandikana: ya makina imene ikuwala mwaukali, ndi ya m'manja mwa munthu amene wabwera kudzaona chimene chachitika. M'munsi mwake mayi wina akudzikoka, mwendo watupa ndi kulemera ngati mtondo, maso ali pa nyaliyo. Kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja munthu wakweza manja onse m'mwamba, moto wamuzinga, ndipo kazenera kali pamwamba pake n'kakang'ono kosati n'kutulukirapo.

Mukafunsa kuti zonsezi zikuchitikira m'nyumba kapena panja, yankho silipezeka. Babu ndi tebulo zikunena kuti tili m'nyumba. Denga ndi malawi zikunena kuti tili mumsewu. Umo ndi mmene bomba limachitira: khoma limene linkalekanitsa kuchipinda ndi pabwalo limachoka m'kamphindi, ndipo pobisala pamasowa.

Khosi la mayi uja

Ine ndinakulira pafupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Mu 1987, ndili ndi zaka khumi, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inali itafika poipa, ndipo anthu a ku Angónia ankawoloka msewuwo usana ndi usiku, ena atasenza mphasa ndi mapoto, ena chimanjamanja. Ankalankhula chinenero chathu chomwechi, ndipo ambiri anali abale athu. Pofika kumapeto kwa nkhondoyo mu 1992, othawira m'dziko muno anali atapitirira miliyoni imodzi.

M'mawa wina mayi wina anafika pakhonde pathu atabereka mwana. Anali atayenda usiku wonse m'tchire. Agogo anga aakazi anayang'ana timiyendo ta mwanayo mmene tinkalendewera, nati, "Mwana wanga, tamutsitsa mwanayo timupatse madzi." Mayiyo anangoti duu. Agogo anamasula okha chitenje, namulandira mwanayo, ndipo anakhala pansi osanena kanthu. Pamenepo mayi uja anagadamitsa mutu n'kukuwa. Nkhope yake sindiikumbukira. Chimene ndimakumbukira ndi khosi, mmene linatalikira, ndi kukamwa kumene kunaoneka ngati kwameza nkhope yonse. Amayi a m'mudzi anasiya makasu ndi mitsuko nathamangira kwathu, ndipo mwana amene dzina lake sitinkalidziwa tinamuika m'manda a kwathu. Maliro n'kulirana.

Patapita zaka, nditatsegula buku la zojambulajambula ku koleji ya aphunzitsi, ndinakumana ndi khosi lomwelo kumanzere kwa Guernica. Ndinazindikira pomwepo kuti Picasso sanalakwitse kujambula. Kamera ikanajambula mayi wa pakhonde pathu, khosi lake likanaoneka la msinkhu wa khosi la munthu aliyense. Koma mwana amene anaima pambali akunjenjemera anaona khosi lotalika, ndipo ndi limene lakhala m'mutu mwake mpaka lero. Munthu wogwidwa ndi mantha saona zinthu mwadongosolo. Amaona dzanja apa, mano apo, moto uko, zonse nthawi imodzi, zina zazikulu kuposa muyeso. Picasso ndi mnzake Georges Braque anali atayamba kale, zaka pafupifupi makumi atatu m'mbuyomo, kajambulidwe koonetsa chinthu kuchokera mbali zingapo nthawi imodzi. Pa Guernica luso limenelo linapeza ntchito yake yolemera koposa: kuonetsa dziko mmene limaonekera kwa munthu amene denga likumugwera.

Zimene anasiya osajambula

Zithunzi zambiri zakale za nkhondo zinkajambulidwa polemekeza opambana: mfumu pa hatchi yonenepa, mbendera ikupepezeka, adani atagona kumapazi. Francisco Goya, mmisiri wina wa ku Spain, anatembenuza mwambowu mu 1814 pamene anajambula anthu wamba a ku Madrid akuwomberedwa usiku ndi asilikali a Napoleon. Komabe mwa Goya owomberawo akuoneka, ataima pamzere, mfuti zili m'manja. Mu Guernica mulibe ndege, mulibe bomba, mulibe mdani. Imeneyi inali nkhondo ya mtundu watsopano, imene wakupha amakhala kutali mumlengalenga, osaona nkhope ya amene akumupha, ndipo wophedwayo alibe woti amugwire mwendo kupempha chifundo. Picasso anatiika pansi, pamodzi ndi ogweredwa mabombawo.

Mulibenso mtundu wina uliwonse koma wakuda, woyera ndi wotuwa. Magazi ofiira akanakoka maso onse kupita pabala limodzi, ndipo moto wachikasu ukanakongola. Picasso anafunanso penti yosanyezimira, kuti pasakhale chonyezimira chilichonse chosangalatsa diso. Zotsatira zake n'zakuti chithunzicho chimaoneka ngati tsamba loyamba la nyuzipepala ya masiku amenewo, komanso ngati phulusa la m'mawa moto utazima.

Ndipo kupatula dzina lake, mulibe chilichonse cholozera tauni ya Guernica: mtengo uja mulibe, mbendera mulibe, yunifolomu mulibe. Anthu akhala akukangana kuti ng'ombe ikuimira chiyani, hatchi ikuimira yani. Picasso nthawi ina ananena kuti ng'ombe ndi nkhanza ndi mdima ndipo hatchi ndi anthu, koma nthawi zina ankakana kumasulira, n'kusiyira woona aliyense. Chifukwa chakuti sanatseke khomo limenelo, mayi wa ku Angónia anatha kulowamo, ndipo amayi a maiko ena ambiri alowamonso.

Chithunzi chothawa kwawo

Chionetsero cha ku Paris chitatha, Guernica inayenda m'maiko a kumpoto kwa Ulaya ndi ku Britain, ikusonkhetsa thandizo la ovutika ndi nkhondo ya ku Spain. Ku Whitechapel, dera la anthu osauka ku London, mu Januwale 1939, anthu ankasiya nsapato za jombo pansi pa chithunzicho kuti zitumizidwe kwa omenya nkhondo a mbali ya boma. Chaka chomwecho Franco anapambana, ndipo chinsalucho chinawoloka nyanja kukasungidwa ku Museum of Modern Art ku New York. Picasso ananenetsa kuti chisapite ku Spain kufikira ufulu utabwerera m'dzikomo. Iye anamwalira mu Epulo 1973 asanapondenso kwawo, Franco anamwalira mu Novembala 1975, ndipo Guernica inafika ku Madrid mu Sepitembala 1981. Poyamba ankaionetsa kuseri kwa galasi losaboola chipolopolo, apolisi ali pambali, chifukwa mabala a nkhondo ija anali asanapole. Kuyambira 1992 ili ku Museo Reina Sofía mumzinda womwewo. Mu 1997, patatha zaka 60, pulezidenti wa Germany Roman Herzog analembera opulumuka a ku Guernica kuvomereza mlandu wa ndege za dziko lake.

Kuno ku Africa, Dumile Feni wa ku South Africa anajambula ndi makala chithunzi chachikulu mu 1967, pa nthawi ya tsankho, chimene chimadziwika kuti African Guernica ndipo chimasungidwa ku yunivesite ya Fort Hare. Namonso anthu ndi ng'ombe zapiringizana m'dziko limene lasokonekera.

Ku likulu la United Nations ku New York, pakhomo lolowera m'chipinda chimene maiko amakambiramo za chitetezo, anapachikapo nsalu yolukidwa motengera Guernica. Pa 5 Febuluwale 2003, tsiku limene Colin Powell, nduna ya zakunja ya America, anabwera kudzafotokoza zifukwa zothira nkhondo dziko la Iraq, nsaluyo inali itaphimbidwa ndi katani yabuluu. Akuluakulu a pamalopo anati anatero kuti makamera a wailesi yakanema ajambule bwino olankhula. Anthu ambiri sanakhutire ndi yankho limenelo, ndipo ine ndili m'gulu lawo. N'kovuta kuimirira kutsogolo kwa mayi wonyamula mwana wakufa n'kumauza dziko kuti mabomba ndiwo mankhwala.

Kubwerera kukhoma

Titamaliza kuyeza, ndinauza ana kuti aime m'kati mwa mizere ya choko ija. Analowamo onse pamzere, ndipo malo anatsalabe. Ndinatsegulanso buku, tinayamba kuloza pakhoma pamene pangakhale hatchi, pamene pangakhale mayi uja. Mtsikana wina anaima pamalo a mwana wakufayo, nayerekeza ndi manja, n'kupeza kuti mutu wa mayiyo ukanakhala pamwamba pa mutu wake. Kuseka kunali kutatha.

Kenaka mnyamata uja wa pa desiki anafunsa kuti, "Nanga amene anaponya mabombawo ali pati, aphunzitsi?" Ndisanayankhe, mnzake anati, "Ali kumene akuyang'ana mayiyo." Onse anakweza maso kupitirira mzere wa denga, kumene kunali thambo loyera la m'mawa.

Kwathu mkuwo ukamveka m'mudzi, munthu safunsa kaye kuti wamwalirayo ndi wa fuko liti kapena wa chipani chiti. Amaika khasu pansi n'kuthamangira komweko. Zojambula sizitulutsa mawu, koma mu Guernica pafupifupi kukamwa kulikonse kuli kotsegula, kwa anthu ndi kwa nyama komwe, ndipo mkuwo umenewo wakhala ukumveka kuyambira 1937 osaleka. Ndimauphunzitsa kwa ana amene sanaonepo nkhondo, ndipo ndimapemphera kuti asadzaione, chifukwa ena mwa iwo adzakhala asilikali, ena aphungu, ena ovota chabe, ndipo tsiku lina wina adzawauza kuti nkhondo ndi yofunika ndiponso kuti idzatha msanga. Akulu anati nkhondo simanga mudzi. Ndikufuna kuti tsiku limenelo adzakumbukire khoma la kuseri kwa buloko, ndi khosi la mayi amene mutu wake unali pamwamba pa mitu yawo.